Sukulu ya pakhonde mu Disembala

Teremu yoyamba m'sukulu za boma imatha kutangotsala masiku owerengeka kuti Khrisimasi ikwane, ndipo ana amabwerera pakhomo nthawi imene aliyense ali kalikiliki. Mvula yagwa, chimanga chamera ndipo chikudikira khasu, mango akuyoyoka okha m'mitengo, ngumbi zikutuluka madzulo, a banki m'khonde akuwonkhetsa ndalama za chaka chonse kuti agawane. Mkati mwa piringupiringu ameneyu mumalowa pepala limodzi limene limatha kusokoneza mtendere wa nyumba: lipoti la kusukulu.

Mwana amene wakhala nambala 4 amalionetsa asanavule n'komwe yunifolomu. Amene wakhala nambala 63 amayamba wadya kaye nsima, kenako n'kumati aphunzitsi sanamalize kuchonga. Koma pepalalo limatuluka ndithu m'chikwama, litakwinyika, ndipo kholo likaona masamu 28, Chingerezi 31, limalumbira kuti holide ino kulibe zoyendayenda. "Ndikuphunzitsa ndekha iwe," amatero mayi. Mawu amenewa amamveka ku Ndirande, ku Kawale, ku Mponela, ku Balaka, ndipo owanenawo amakhala akunenetsa.

M'nyumba ina ya lendi ku Area 25 mu Lilongwe, mayi wina wogulitsa mandasi ndi tomato pabenchi anachitadi zimene ananena. Anang'amba katoni ya sopo, nalembapo ndondomeko ya tsiku: masamu m'mawa tiyi akangomwedwa, kenako Chichewa, Chingerezi dzuwa likapendeka. Anaikhomera ndi msomali pafupi ndi chitseko. Ana ake ndi atatu, wachisamba ndi mtsikana wa Sitandade 7, wotsatira ndi mnyamata wa Sitandade 4, ndipo mzime wangoyamba kumene Sitandade 1. Khonde linasanduka kalasi, simenti yapansi inakhala bolodi, makala anagwira ntchito ya choko.

Vuto loyamba linachokera kwa mzime. Mayiyo anaphunzira kuwerenga ndi buku la Sosa, nthawi imene kalasi yonse inkaimba maphatikizo mokweza mpaka atakhazikika m'mutu, ndiye anayamba momwemo. Mwana anangomuyang'ana, kenako n'kuti, "Amayi, amadamu satero." Kuyambira 2016, pamene boma linakhazikitsa ndondomeko ya National Reading Programme, ana a makalasi oyambirira amayamba ndi kamvekedwe ka lembo lililonse palokha, kenako n'kumalumikiza. Mayi akuti dzina la lembo, mwana akutulutsa liwu lake, aliyense akuona ngati mnzake ndiye wasokonekera. Ndi mnyamata uja zinavuta pa masamu ogawa, poti njira imene mayi ankaidziwa inali yosiyana ndi ya m'kope lake, ngakhale yankho linali limodzimodzi. Ali mkati molimbana choncho, kunja kukumveka "Odi! Mandasi alipo?" Mayi adzuke akagulitse. Pobwera apeza mvula yawomba pakhonde, masamu onse afufutika. Mawa lake kwa aneba kwagwa zovuta, ndipo munthu sungakhale pakhonde n'kumaphunzitsa a e i o u anzako akulira kuseri kwa mpanda.

Pofika sabata ya Khrisimasi katoni ija inali itazulidwa pamsomali, ikukupizira moto pambaula.

Amene angaseke mayiyu sanayesepo. Uphunzitsi ndi ntchito imene anthu amakaiphunzira ku koleji, ku Kasungu, ku Machinga, ku Blantyre ndi kwina, ndipo mphunzitsi akalowa m'kalasi sakhala ndi mafuta a mandasi pamoto. Mayi uja sanalephere chifukwa cha ulesi. Anayesa kusamutsa kalasi yonse, ndi belu lake lomwe, n'kuiika m'nyumba imene ili kale ndi ntchito zake.

Kumaiko ena kuphunzitsa ana pakhomo ndi njira imene mabanja amachita kusankha, mwana osapondako kusukulu chaka chathunthu. Ku America mphunzitsi wina, John Holt, atakhumudwa ndi mmene makalasi ankayendera, mu 1977 anayambitsa magazini yolimbikitsa makolo kuphunzitsa okha ana awo, ndipo pofika 1993 zigawo zonse 50 za dzikolo zinali zitavomereza mchitidwewu. Ku England ndi Wales lamulo la maphunziro la 1996 limaika pa kholo udindo woonetsetsa kuti mwana akuphunzira, kaya kusukulu kaya mwa njira ina. Ku South Africa, kumene kuli abale athu ambiri, lamulo la 1996 limalola, bola mwanayo alembetsedwe ku boma, ndipo lamulo lina limene Pulezidenti Cyril Ramaphosa anasaina mu Seputembala 2024 linawonjezera zoyenera kutsata. Ku Germany n'koletsedwa. Mabanja amene amakwanitsa zimenezi nthawi zambiri amakhala ndi kholo limodzi losapita kuntchito, mabuku odzaza shelefu, magetsi osazimazima ndi laibulale pafupi.

Kuno alipo ochita zotere, koma ndi ochepa: mabanja ena a amishonale, ndi ena a m'tauni amene amakonzekeretsa ana awo mayeso a Cambridge. Kwa ambiri sukulu ndi chinthu chimene makolo anachilirira kwa nthawi yaitali. Boma la Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ena n'kumaphunzirira pansi pa mitengo. Lamulo la maphunziro la 2013 linanenetsa kuti pulayimale ndi yokakamiza. Mwana akamaoneka pakhomo nthawi ya sukulu, aneba safunsa za njira yamakono yophunzitsira. Amafunsa kuti, "Kodi ameneyu anasiya?"

Komabe kuphunzira uli pakhomo si kwachilendo m'dziko muno. Mu 1965 boma linatsegula Malawi Correspondence College, imene inkatumiza maphunziro kudzera pa positi kwa amene sanapeze malo ku sekondale, ena n'kumamvera pa wailesi. Chochititsa chidwi n'chakuti ophunzirawo sanakhalitse m'makomo mwawo. Anayamba kusonkhana pamalo amodzi kuti pakhale wina wowalongosolera, malo amenewo anakula, ndipo mu 1998 anasandutsidwa ma CDSS amene tikuwadziwa lerowa. Anthu anapatsidwa mapepala kuti aziwerenga okha, iwo anakafuna mphunzitsi.

Chiyeso chachikulu chinabwera mu 2020. Pa 20 Marichi Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha Covid-19, ndipo pa 23 Marichi sukulu zonse zinatsekedwa, matendawo asanapezeke n'komwe m'dziko muno, poti odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo. A Sitandade 8 ndi a Folomu 4 anabwerera m'kalasi pa 7 Seputembala, enawo anadikira mpaka pa 12 Okutobala. Kwa miyezi yoposa isanu ndi umodzi, mwana wa Sitandade 2 analibe mphunzitsi wina koma amene amagona naye nyumba imodzi.

Unduna wa zamaphunziro unaika maphunziro a pulayimale pa wailesi ya MBC, a sekondale ena pa intaneti. Maganizowo anali abwino, koma kalembera wa 2018 anali ataonetsa kale kuti mwa nyumba zitatu zilizonse, imodzi yokha ndiyo inali ndi wailesi, ndipo zowunikira ndi magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse. Kumene wailesi inalipo, panafunika mabatire. Kumene mabatire analipo, panali mpikisano, chifukwa imeneyo inalinso nyengo ya kampeni ya chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni, ndipo bambo ambiri ankanyamula wailesi kapena foni kupita nayo kumene anzawo akukambirana za ndale. Ngakhale pamene zonse zinali m'malo mwake, mphunzitsi wa pa wailesi akati "tsopano lembani", pankafunika wamkulu woti aone ngati mwana walembadi. Popanda wamkuluyo kunali ngati kutunga madzi ndi lichero.

Amene analipira kwambiri ndi atsikana. Kafukufuku wa boma wa chaka chimenecho anapeza mimba za atsikana achichepere zoposa 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa chabe, m'dziko limene malamulo ake, kuyambira 2017, amanena mosapsatira kuti ukwati ndi wa munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inalamula mafumu ake kuti athetse maukwati onse otere kuti anawo abwerere kusukulu. Panalinso nkhani ya m'mimba. Bungwe la Mary's Meals, limene linayamba ndi ana 200 kuno ku Malawi mu 2002, limaphikira phala ana oposa miliyoni imodzi m'sukulu za m'dziko muno, ndipo kwa ana ambiri kapu ya phala imeneyo ndiyo chakudya choyamba cha tsiku. Sukulu zitatsekedwa bungweli linayamba kugawa ufa woti makolo akaphike kunyumba. Anthu anazindikira kuti sukulu imachita zambiri kuposa kuphunzitsa. Imadyetsa mwana, imamusunga masana, ndipo imachedwetsa amalume amene ayamba kale kuwerengera za chiwongo.

Zinthu zotere sizinathere pomwepo. Mu Januwale 2021 sukulu zinatsekedwanso kwa masabata angapo matenda aja atabweranso mwamphamvu. Mu Januwale 2023 za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa ndi masabata awiri chifukwa cha kolera. Mu Marichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, sukulu za m'maboma a kummwera zinatsekedwa, ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu osowa pokhala. Kholo la ku Malawi lidzapezekanso lili mphunzitsi lisanafunsidwe. Ndiye ndi bwino kudziwiratu chimene khomo limaphunzitsa bwino ndi chimene silingathe, ndipo Disembala amaonetsa zonse ziwiri poyera.

Tibwerere ku Area 25. Tsiku limene banki m'khonde inagawana, mayi uja anabwera ndi ndalama zake atazimanga pansonga ya chitenje, natseka chitseko, nayala mphasa. Poti maso ake amavuta madzulo, anapatsa mtsikana wamkulu kope ndi cholembera. "Lemba. Mpunga. Mafuta ophikira. Shuga. Anyezi. Sobo awiri. Makala thumba limodzi. Zovala za anawa pa kaunjika." Mtsikana analemba, naika mtengo pambali pa chilichonse, poti ndiye amatumidwa kumsika ndipo mitengo amaidziwa kuposa bambo ake. Kenako mayi anati ajambule mzere, pansi pake alembe za Januwale: makope, yunifolomu ya mnyamata imene yafupika, lendi, ndi ndalama yotumiza kumudzi ya feteleza wobereketsa. Atawonkhetsa, za pamwamba ndi za pansi pamodzi zinaposa ndalama za pamphasa.

"Bambo a ana, mwaona?" anatero mayi. Bambo anasuzumira m'kopemo, nakanda m'mutu. "Chotsani Sobo mmodzi." Mtsikana anachotsera, sizinakwanebe. Anachepetsa mpunga, anachotsa nsapato za mzime poti zakale zikadalowa, anabwezeranso Sobo uja mzime atayamba kulira, n'kuchotsa theka la makala. Kope linadzaza ndi kuwonkhetsa, kuchotsera ndi kuchulukitsa, ndipo palibe amene anatchula mawu akuti masamu. Mtsikana yemweyo, amene naye anapeza 28 pa mayeso a masamu, anawerengetsa yekha kuti mayi ake akakongola K10,000 ku banki ija pa chiwongoladzanja cha 20 pa 100, adzabweza K12,000, ndipo anafunsa chifukwa chake osangodikira. Ana a zaka zimenezi anaona ndi maso awo zimene zinachitika kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, pamene mtengo wa shuga ndi mafuta unkasintha sabata ndi sabata Khrisimasi ili pafupi. Maperesenti amawadziwa m'thumba. Chimene chimawasowa ndi munthu wowauza kuti zimene zili m'buku la Sitandade 7 ndi zomwezi.

Makolo ambiri amabisira ana nkhani ya ndalama, ati ndi za akuluakulu. Pali nzeru yake, chifukwa mwana wa pakamwa angakaulule kwa aneba. Koma mwana amene waona ndalama zikuperewera pamphasa savuta nazo zoti anzake agulidwa zakutizakuti, ndipo akadzayamba kulandira zake sadzadabwa kuti Januwale amabwera chaka chilichonse.

Kumsika nakonso kuli maphunziro ake. Mnyamata amene wapita ndi bambo ake kukagula nkhuku amaona mmene amainyamulira kuti amve kulemera, mmene amapapasira pachifuwa, mmene amayang'anira maso ndi lipombo ngati ili yodwala. Amamva chifukwa chake yachikuda imadula kuposa yachizungu, komanso kuti chitopa chimakonda kusesa makola m'miyezi yotentha, Khrisimasi isanafike, ndiye amene anadontheza katemera m'maso mwa nkhuku zake ndi amene akugulitsa lero. Pa mpunga amaphunzira kununkhiza, chifukwa si wonse wotchedwa Kilombero umene wachokeradi ku Karonga. Amaphunzira kunenerera mtengo mwaulemu, kupempha basela, ndi kuwerenga chenji asanachoke pamalopo.

Koma phunziro lokoma kwambiri m'nyumba ija linabwera ndi agogo, amene anatsika basi kuchokera ku Ntcheu atasenza kathumba ka mawere. Thobwa la Khrisimasi siliyamba pa 24 Disembala. Agogo anaviika mawere aja m'madzi, nawatsanula, nawafunditsa m'thumba lonyowa pakona ya nyumba, ndipo m'mawa uliwonse mzime ankathamangira kukavundukula kuti aone ngati atuluka timichira toyera. Atamera anawayanika, ntchito yovuta mu Disembala chifukwa dzuwa limangowala pang'ono mitambo n'kubwera, ndiye ana ankakhala alonda, kuthamangitsa nkhuku za aneba ndi kuanula mvula ikayamba kudontha. Chimera chitauma anakachigayitsa. Kutatsala tsiku limodzi anaphika phala la mgaiwa mumphika waukulu, lolimba moti mthiko unkaima wokha, naliphula. Apa agogo anakana kuthamanga. Anadikira, napisa chala, nadikiranso. "Mukathira likadali lotentha kwambiri, chimera chimafa, thobwa silitsekemera," anatero. Litafika pofunda bwino anawaza chimera n'kuvundula, ndipo ana akuyang'ana, phala lolimba lija linayamba kusungunuka lokha mpaka kukhala lamadzimadzi. Mnyamata anafunsa ngati agogo athiramo madzi mobisa.

Sanathiremo. M'mbewu yomera mumakhala mphamvu imene imaphwanya ufa n'kuusandutsa shuga, kuti kambewuko kapeze chakudya, ndipo mphamvu imeneyo imaonongeka ikapsa. Ana a ku sekondale amaloweza zimenezi pa Biology, ambiri osadziwa kuti anaziona kale mumphika wa agogo awo. Agogowo sukulu yawo inali ya kwacha, ya masana pansi pa mtengo, koma ankadziwanso kuti thobwa likagona usiku liyenera kuwiritsidwanso m'mawa, ndi kuti likakhalitsa masiku limasasa n'kuyamba ulendo wopita ku mowa, zimene amayi a Mvano sangalole m'nyumba mwawo.

Ana amene amatumizidwa kumudzi pa holide amakumana ndi zina. Disembala ndi mwezi wopalira, ndipo mwana wa m'tauni amabwerako ndi matuza m'manja. Koma amaonanso chingwe choyezera mizere, amamva kuti pa kabzalidwe ka Sasakawa mizere imatalikirana masentimita 75 ndipo mbewu imodzi imabzalidwa pa masentimita 25 alionse, amathira feteleza ndi kachitsekerero ka botolo phando ndi phando mpaka kumvetsa chifukwa chake thumba la makilogalamu 50 limasungidwa kuchipinda kwa agogo osati pakhonde. Amaphunzira bowa wodyedwa ndi wakupha. Amadziwanso kuti nyengo ya chisangalalo imeneyi ndi nyengo yomweyo imene nkhokwe zambiri zayamba kuoneka pansi. Chaka cha 2024, chilala cha El Niño chitachititsa Pulezidenti Lazarus Chakwera kulengeza za ngozi m'maboma 23 mwa 28, panali makomo ambiri amene Khrisimasi yawo inali mango owiritsa. Mwana wa m'tauni amene anadya nawo zimenezo safunika kumulalikira za kusataya nsima.

Kutchalitchi ndiye kumachitika kuwerenga kwenikweni kwa mwezi umenewu. Ana a Sande sukulu amakonzekera sewero la kubadwa kwa Yesu, wina mngelo atafunda nsalu yoyera ya pabedi, ena abusa ndi ndodo zawo, wina Herode amene aliyense amamulimbirana chifukwa amaloledwa kukalipa. Kuti aloweze mawu ake, mwana amatsegula Luka kapena Mateyu n'kuwerenga mobwerezabwereza, mokweza, mlongo wake akumukonza. M'makomo ambiri Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, kapena Buku Loyera la 1998, pamodzi ndi buku la nyimbo, ndiwo mabuku okhawo amene alipo. M'mabanja a Chisilamu ku Mangochi, ku Machinga ndi m'matauni mulibe zokonzekera Khrisimasi, koma holide ndi yomweyo, ndipo ana amapitiriza kupita ku madrasa. Uku ndi uku, mwana amawerenga chifukwa pali anthu amene adzamumvetsera.

Pali chinthu china chimene khomo limaphunzitsa mosadziwa, ndipo si chabwino. Tsiku la Khrisimasi m'nyumba ija, mtsikana wa Sitandade 7 anadzuka kusanache. Anasesa, anatunga madzi, anapeta mpunga n'kusankha timiyala, anasosola nkhuku, anasambitsa mzime, anakazinga anyezi, ndipo alendo atadya anatsuka mbale zonse. Mnyamata anapha nkhuku, ntchito ya mphindi zochepa, navala malaya ake atsopano n'kupita kukaonetsa anzake. Palibe anakonza zoti zikhale choncho, zinangochitika monga zimachitikira chaka ndi chaka. Koma holide yonse ikayenda motero, mmodzi amabwerera kusukulu atapuma, winayo atatopa, ndipo onse awiri aphunzira kuti nthawi ya ndani ndi yotsika mtengo. Makolo omwewo mu Epulo adzadabwa kuti mtsikana watsika nambala. Kuphika ndi luso labwino, ndipo n'chifukwa chake mnyamata naye akuyenera kulidziwa. Adzapita ku koleji kapena ku Joni, kumene kulibe mlongo womuphikira.

Ndiye pali zimene khomo silingathe, ndipo kunamizana sikuthandiza. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro amayenda m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8, kupatula pepala la Chichewa, amabwera m'chinenero chimenecho. Mwana akhoza kuwerengetsa bwino chenji kumsika koma n'kulephera funso lomwelo papepala chifukwa sanamve chimene likufunsa. Kholo limene linalekera Sitandade 5 silingamutulutse m'dzenje limenelo, ngakhale litamukonda chotani. Apa m'pamene mabanja opezako bwino amalipira patitayimu kwa mphunzitsi wapafupi, osauka n'kutsalira, ndipo kusiyana kumene kunalipo mu Disembala kumakula pofika Januwale. Zimenezi zinaoneka poyera mu 2020, ana a sukulu zolipira akulandira ntchito pa WhatsApp pamene anzawo akumudzi akuweta mbuzi.

Chimene chimatheka pafupifupi paliponse ndi chaching'ono. Mwana awerenge mokweza kwa kanthawi kochepa tsiku lililonse, wamkulu akumvetsera, ngakhale wamkuluyo akusenda mbatata. Kholo losadziwa kuwerenga likhoza kufunsabe kuti, "Ndiye zinatha bwanji? Iyeyo anatero chifukwa chiyani?" ndipo mafunso amenewo ndi omwe mphunzitsi amafunsa. Buku likasowa, pali nyuzipepala yokulungira usipa, pepala la malangizo a mankhwala, kope la chaka chatha la mkulu wake. Okhala m'mizinda ali ndi nthambi za National Library Service zimene ambiri amangozidutsa. Pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mnyamata kapena mtsikana amene analemba Folomu 4 ndipo akungokhala, woti makomo atatu kapena anayi atasonkha kangachepe akhoza kumakhala ndi ana awo madzulo. Za njira yatsopano yowerengera ija, yankho lake n'losavuta: kholo limusiye mwana alionetse mmene amadamu amachitira, lizitsatira pambuyo. Ana amakonda kwambiri kuphunzitsa akuluakulu.

Mayi wa ku Area 25 uja sanakhomenso katoni ina. Chimene chinatsalira ndi chakuti madzulo, magetsi akazima, mtsikana amawerengera ang'ono ake ndi tochi ya pa foni, agogo n'kuponyapo nthano yawo, ana akuyankha "tili tonse". Bambo nthawi imeneyo amakhala asanafike. Amabwera anawo atagona, atanyamula kajumbo ka buledi, n'kufunsa ngati awerenga lero.

Funso limenelo ndi limene abambo ambiri amaliona ngati gawo lawo lonse. Inu bambo amene mukuwerenga nkhani ino, pakati pa Khrisimasi ndi tsiku lotsegulira sukulu pali masiku angapo amene ambiri simupita kuntchito. Fikani pakhomo kusanade, mutenge lipoti lija muone phunziro limene mwana wagwa, mumuuze abweretse kope lake, akuwerengereni inu mutakhala pansi. Mnyamata mumutume akatsuke mbale kuti mlongo wake naye akhale nawo pamphasapo.